iBook G4 yanga ikugwirabe ntchito

Ndili ndi iBook G4, laputopu yakale ya Apple, ya purosesa ya PowerPC. Apple idasamukira ku Intel mu 2006, ndipo Leopard ya 2007 ndiyo Mac OS X (pulogalamu ya Apple yoyendetsa kompyuta) yomaliza kuyenda pa makina otere. Debian, mtundu wina wa Linux, nayo idaisiya PowerPC ya 32-bit potulutsa Debian 9 mu 2017. Koma kompyutayi ili bwinobwino, choncho ndimaipangira ndekha NetBSD, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, kuchokera ku source code (malemba amene pulogalamu imapangidwa kuchokera pa iwo).

Ntchitoyi sindiichitira pa iBook, ingachedwe kwambiri n'kutentha ngati mbaula. Ndimaichitira pa laputopu ya Linux. Ndikalemba ./build.sh -U -m macppc tools, imayamba yamanga compiler (pulogalamu yosandutsa source code kukhala pulogalamu yogwira ntchito) yoyenda pa laputopuyo koma yotulutsa mapulogalamu a PowerPC. Kenako ndimalemba release m'malo mwa tools, ndipo kernel (mtima wa NetBSD) ndi zina zonse zimamangidwa. Ndimaikonda -U ija, chifukwa zonsezi zimatheka osakhala root, mwini mphamvu zonse pa kompyuta.

Mutu umawawa ndikafika pa pkgsrc, njira ya NetBSD yomangira mapulogalamu owonjezera. PowerPC imeneyi ndi big-endian, imasunga manambala kuyambira byte yaikulu, pomwe mapulogalamu ambiri masiku ano amangoyesedwa pa mapurosesa a x86 ndi ARM, omwe nthawi zambiri amayambira byte yaing'ono. Chifukwa cha ichi, zithunzi zina zimatuluka mitundu itasokonekera. Zimandikhudza kwambiri, poti kukonza kwake nthawi zambiri ndi mizere yochepa chabe.