Kumapiri denga limatha ndi dzuwa ngakhale kunja kukuzizira

Denga likayamba kudontha anthu ambiri amathamangira kuloza chala mvula, koma ine ndimati mvulayo imangolowa poti dzuwa lawononga kale, makamaka ngati nyumba yanu ili kumalo okwera, uko kumene m'mawa munthu umadzuka utavala juzi.

Chimene chimapusitsa ndi kuzizirako. Ukamva kamphepo kozizira umaona ngati dzuwa la kuno ndi lofooka chonsecho ndi pamene lili lolusa kwambiri. Mukakwera mamita 1,000 mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5, koma cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chotchedwa UV, chimawonjezeka ndi 10 mpaka 12 peresenti, malinga ndi a World Health Organization, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Kumtundako mpweya umene uli pamwamba pa nyumba ndi wochepa, fumbi ndi chinyezi ndi zochepanso, ndiye palibe zambiri zoti zisefe chezacho chisanafike pa denga. Nyumba ya mumzinda wa Denver ku America ili pa mamita 1,600, ya ku Addis Ababa ku Ethiopia kupitirira 2,300, ya ku La Paz ku Bolivia cha m'ma 3,600, ndiye werengani nokha kuti denga la kumeneko likulandira zochuluka bwanji kuposa la m'mphepete mwa nyanja. Ndipo musadalire mitambo, ikakhala yopyapyala UV wokwana mpaka 80 peresenti amatha kudutsa bwinobwino.

Choyamba kugonja ndi penti. Kwerani tsiku lina mupititse chala pa lata lopenta limene lakhalitsa, mupeza chala chatuwa ndi kaufa ngati ka choko. Si fumbi ayi, ndi penti yeniyeniyo. UV amadula chomatira chimene chimagwira utoto pamodzi, utotowo umatsala wopanda chougwira, mvula ikabwera imangoutsuka n'kupita nawo pansi, chaka ndi chaka penti ikupyapyala. Mitundu yowala ngati yofiira ndi imene imafulumira kusuluka. Penti ikatha pamatsala zinki imene amakutira lata kuti lisachite dzimbiri, zinkiyo ikadyeka chitsulo chili poyera, dzimbiri layamba basi.

Koma chimene chimandipweteka ine kwambiri ndi timphira tija ta pansi pa mitu ya misomali kapena masikuluwu, chifukwa ndi tinthu tating'ono totchipa koma denga lonse limadalira ito. Tikadali tatsopano timakhala tofewa, timatseka bowo madzi osapeza polowera. Tikapsa ndi dzuwa timauma gwa, timang'aluka m'mbali, mukatikanda ndi chikhadabo timangoyoyoka n'kusiya zakuda ku chala. Lata limaoneka labwinobwino mukaliyang'ana muli pansi, koma pa msomali uliwonse pali kanjira ka madzi, ndiye madontho amatsikira pa thabwa, thabwa limayamba kuwola mwakachetechete, inu mudzadziwa siling'i itachita kale mabala.

Ndiye pali nkhani ya kutentha ndi kuzizira, imene kumapiri imakula kwambiri. Masana lata lakuda limatha kutentha kupitirira madigiri 70 ngakhale mpweya uli wozizira, usiku kumwamba kukayera limataya kutenthako msangamsanga mpaka kuzizira kuposa mpweya womwe, n'chifukwa chake m'bandakucha kunsi kwa malata kumachita mame n'kumadontha mvula isanagwe. Chitsulo chimafutukuka mamilimita 0.012 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Zikuoneka zochepa eti? Tengani lata la mamita 6, kusiyana kwa masana ndi usiku kukhale madigiri 50, ndiye kuti lata limenelo likutalika ndi kufupika mamilimita 3.6 tsiku lililonse. Phokoso lija la thi thi thi limene mumamva dzuwa likangotuluka kapena mtambo ukadutsa ndi limenelo, malata akukokana ndi misomali. Pakapita zaka mabowo amakula n'kusanduka aatali, misomali imasololoka pang'onopang'ono, ndipo kamphira kouma kale kaja sikangatsekenso bowo lokula.

Malata apulasitiki olowetsa kuwala aja nawo amachita chikasu kenako amaphweka moti matalala akangogwa, ndipo kumalo okwera ambiri matalala si achilendo, amaboola ngati palibe kanthu. Mapaipi ndi magata apulasitiki chimodzimodzi. Pa malata a pulasitiki yotchedwa polycarbonate chenjerani ndithu, ambiri ali ndi mbali imodzi yokha yotetezedwa ku UV ndipo imalembedwa pa kapepala kamene amamatapo, mmisiri akalitembenuza ndiye kuti mwataya ndalama, silichedwa n'komwe. Madenga a timatailosi taphula, ofala ku America, amavutika mwanjira yawo, phula limauma, timiyala ta pamwamba timene timaliteteza timayoyokera mu gata, m'mphepete mumapindika.

Chinanso n'choti denga silikalamba mofanana mbali zonse. Kumwera kwa equator, mzere uja wogawa dziko lapansi pakati, mbali yoyang'ana kumpoto ndi imene imalandira dzuwa lambiri, kumpoto kwa equator ndi yoyang'ana kumwera, ndiye ngati mukufuna kudziwa msanga kuti denga lanu lafika pati yambani kuyang'ana mbali imeneyo, osati imene ili pafupi ndi makwerero.

Pogula malata, kwa ine funso lalikulu si la mtundu wokongola, ndi la penti imene anapaka ku fakitale ndi chimene chili pansi pake. Penti ya mtundu wotchedwa PVDF imapirira dzuwa kuposa ya polyester wamba. Malata okutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, amene aluminiyamu wake ndi 55 peresenti, nthawi zambiri amakhalitsa kuposa a zinki yekha. Mtundu woyera kapena wotuwa umabweza kuwala kwambiri, ndiye lata silitentha mopitirira komanso siliyendayenda kwambiri pa misomali. Timphira funsani ta mtundu wa mphira wotchedwa EPDM, ndipo muuzeni mmisiri asamange sikuluwu mpaka kamphira kufinyika n'kutulukira m'mbali, kotero kamang'aluka msanga. Pansi pa denga pazidutsanso mpweya kuti kutentha ndi mame zisamaunjikane.

Amene denga lawo ndi lakale kale, musadikire kudontha. Nyengo yopanda mvula kwerani m'mawa malata asanatenthe, pondani pamene pali mzere wa misomali chifukwa ndi pamene pansi pali thabwa, sinthani masikuluwu onse amene timphira tawo tauma ndipo mabowo akakula ikani onenepako pang'ono. Ngati mukupentanso tsukani kaye kaufa kaja konse mpaka chala chizichoka chopanda ufa, apo ayi penti yatsopanoyo imamatira pa ufa ndipo imayamba kusendeka chaka chisanathe.