Mmene tinaikira injini ya 1KZ-TE mu Hilux yakale popanda kusokoneza mawaya

Aliyense amene ali ndi Hilux ya LN106, zija zinapangidwa kuyambira 1988 mpaka 1997, akudziwa kuti thupi ndi chasisi zimatha kupirira ngakhale injini itatopa. Yanga inali ndi injini ya 3L, ya dizilo, malita 2.8, ndipo ntchito yake ndi kututa matimati ndi kabichi kuchokera ku Domboshava ndi Mutoko kubwera nazo ku Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare, ku Zimbabwe. Itayamba kumwa oyilo ndi kulephera zitunda ili ndi katundu, ndinaganiza zoikamo 1KZ-TE, ya malita 3.0 yokhala ndi tebo. Ndikulemba izi chifukwa anzathu ambiri m'madera a Harare monga Highfield, Mabvuku ndi Dzivarasekwa akuponya ndalama pa injini yabwinobwino, kenako galimoto n'kukhala pabwalo miyezi chifukwa cha mawaya.

Vuto lagona pa kusiyana kwa injini ziwirizi. 3L ndi injini yosavuta. Pampu yake imayenda ndi makina basi, ndipo waya umodzi wokha wopita ku solenoidi ndi umene umatsegula ndi kutseka dizilo. Mukawonjezera mahita otenthetsa injini isanalire, sitata, alitaneta ndi timawaya ta oyilo ndi kutentha, nkhani yatha. Koma 1KZ-TE silira popanda kompyuta yake ndi hanesi, mtolo wa mawaya wolumikiza injini ndi kompyutayo. Kompyutayo imamvera sensa ya pa kirankishafuti, sensa ya liwiro la pampu, ya kutentha kwa madzi, ya kutentha kwa mpweya, ya mphamvu ya tebo ndi ya pa throttle, kenako n'kulamula mavalavu awiri a pa pampu: ina yoyeza kuchuluka kwa dizilo, ina yosintha nthawi yoponyera. Mukagula injini yokhayokha, mwagula theka la chinthu.

N'chifukwa chake ndisanapite kokagula ndinayamba ndakawona amalume anga, amene akonza magetsi a magalimoto ku Gazaland, ku Highfield, kuyambira ndili mwana. Anandiuza mawu ochepa: “Mphwanga, usalole munthu agwire pulayala pa hanesi imeneyo. Injini, hanesi, kompyuta ndi ma relay (timaswitchi toyatsidwa ndi magetsi), zonse zichoke m'galimoto imodzi, iwe ukuwona.” Ndinawafunsa kuti, “Nanga amalume, ndikapeza kompyuta ina yotchipa kwa ogulitsa zida za magalimoto mu msewu wa Kaguvi?” Anapukusa mutu. Ma 1KZ-TE si ofanana onse. Oyambirira ali ndi ma resistor awiri pa pampu amene kompyuta imawerenga kuti iwongole muyezo wa dizilo. A m'zaka zotsatira anasintha pampu, mapulagi ndi kompyuta yomwe, ndipo ena ali ndi immobiliser imene imafuna kiyi wake weniweni. Mapulagi akhoza kulowana bwinobwino koma injini osalira.

Choncho ndinafunafuna half-cut, mutu wa galimoto wodulidwa ku Japan, wa Hilux Surf ya KZN130, imene inayamba kutuluka ndi injini imeneyi mu 1993. Surf imeneyo ndi LN106 zinapangidwa pa maziko amodzi, kabu yake kutsogolo n'njofanana kwambiri, ndiye hanesi imadutsa m'malo odziwika kale. Tilinso ndi mwayi wina: Japan ndi Zimbabwe tonse chiwongolero chili kumanja, kotero utali wa mawaya umakwana popanda kulumikiza zidutswa.

Apa ndi pamene munthu ayenera kuuma mutu pang'ono. Ogulitsa ena amafulumira, amatenga chodulira n'kudula hanesi pamene ikulowera m'kabu, chifukwa kumasula dashibodi kumawatayitsa nthawi. Ine ndinakana. Ndinakhala pomwepo mpaka anamasula mapulagi onse ndi manja, n'kusolola hanesi yathunthu pamodzi ndi labala yake. Ndinatenganso kompyuta, bokosi la mafyuzi, relay yaikulu, relay ya valavu ya pampu, ya mahita, sensa ya tebo imene imamangidwa pa thupi la galimoto osati pa injini, chingwe cha mafaya, kabokosi koyezera matenda, ndi mawotchi a pa dashibodi pamodzi ndi mapulagi ake. Mapulagi a mbali ya thupi ndinawapempha adule kusiya waya wotalika ngati dzanja limodzi, chifukwa pamenepo ndi polumikizira. Pulagi iliyonse ndinaimata tepi n'kulembapo kumene inachokera, ndipo ndinajambula ndi foni asanamasule.

Za giyabokosi musaziwone mopepuka. Bellhousing, chitsulo cholumikiza giyabokosi ndi injini, ya injini za mtundu wa L monga 3L sigwirizana ndi 1KZ, choncho giyabokosi yakale siingangomangidwa pomwepo. Ma Surf ambiri ochokera ku Japan ndi a otomatiki, ndipo ine ndinadikira mpaka nditapeza ya manyuwo, ngakhale inali yokwererapo mtengo. Ndikukhulupirira kuti ndalama imeneyo inapita pabwino. Pa otomatiki, waya wa sitata umadutsa pa switchi ya pa giyabokosi imene imalola kuliza pa P ndi N pokha, ndipo nyali za rivesi zimachokeranso pa switchi yomweyo. Mukaika hanesi yotero pa manyuwo, mutembenuza kiyi koma kuli zii, mpaka mutalumikiza mawaya awiri a sitatawo ndi kukokera a rivesi ku kaswitchi ka mawaya awiri ka pa giyabokosi. Kompyuta nazo zimasiyana. Nambala yake imayamba ndi 89661, koma manambala otsatirawo ndi amene amanena ngati ili ya otomatiki kapena ya manyuwo. Zotheka zimatheka, anthu amachita, koma mudzafunanso flywheel, kilatchi ndi zina zambiri, ndipo zonsezo n'kusaka chimodzichimodzi.

Ntchito ya zitsulo, yomanga injini pa chasisi, ekizozi, rediyeta ndi propshaft, anagwira anyamata ena ndipo sindikhalitsapo.

Pa mawaya, amalume anatsata lamulo limodzi: hanesi ya thupi la Hilux ikhale momwe ilili, hanesi ya injini yatsopano ikhalenso momwe ilili, ziwirizi zikumane pa mawaya ochepa okha. Nyali, waipa, huta ndi maindiketa sitinazikhudze n'komwe. Tinayala hanesi ya Surf pansi pa katoni, batire titachotsa, n'kuyamba kutsata waya uliwonse ndi mita kuchokera pa pini ya kompyuta. Toyota ili ndi mayina ake a mapini, ndipo mukawadziwa ntchito imapepuka. BATT imafuna moto wosazima kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi. IGSW imafuna moto wa kiyi. M-REL ndi imene kompyuta imayatsira relay yaikulu, ndipo relay imeneyo imabweza moto pa +B. STA imauza kompyuta kuti sitata ikuzungulira. W ndi ya nyali ya check engine.

Waya wakale uja wa solenoidi ya 3L tinaugwiritsa ntchito pa IGSW, chifukwa uli ndi khalidwe loyenera: umakhala ndi moto kiyi ali pa ON komanso pamene mukuliza. Ichi n'chofunika kwambiri. Mawaya ena, monga a wailesi, amazima kiyi akafika pa START. Mukatengako moto pamenepo, injini izungulira mpaka batire kutha koma osagwira, chifukwa kompyuta imakhala yafa pa nthawi yomwe ikufunika. Yezani ndi mita wina akutembenuza kiyi, musangodalira mtundu wa waya. Mitundu imene amalume amaikhulupirira pa Toyota ndi woyera wa mzere wakuda, umene uli ethi (njira yobwezera moto ku batire) ya thupi, ndi wa bulauni, umene uli ethi ya kompyuta ndi masensa. Ina yonse amayeza kaye.

Ethi tinaisamala ngati mwana wakhanda. Tinapala utoto ndi dzimbiri paliponse pomangira, tinaika waya wonenepa kuchokera ku batire kupita pa injini, wina kuchokera pa injini kupita pa thupi. Ethi yofooka pa injini ya kompyuta imabweretsa matenda osamveka: lero yalira bwino, mawa ikuzima pa roboti ya Rotten Row, ndipo mumayamba kukayikira pampu imene ilibe mlandu.

Mahita tinawasiya m'manja mwa kompyuta, timer yakale ya 3L n'kuichotsa, ndipo nyali yake ya pa dashibodi tinaikokera ku kompyutayo. Alitaneta ya 1KZ ili ndi regulator mkati ndi pulagi ya mawaya atatu, S, IG ndi L. Wa L ndi wa nyali ya batire. Onetsetsani kuti nyaliyo ikuyaka kiyi ali pa ON ndipo ikuzima injini ikalira, kenako muyeze pa batire, muyenera kupeza mavoti pafupifupi 14.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachinyalanyaze. Injini imeneyi ili ndi masensa awiri a kutentha kwa madzi: ya mawaya awiri ndi ya kompyuta, ya waya umodzi ndi ya wotchi ya pa dashibodi. Mutu wa 1KZ ndi wa aluminiyamu ndipo umadziwika kuti umang'ambika ikatenthetsa. Wotchi imene ikunama ikhoza kukuwonongerani injini ulendo umodzi wokha wa ku Mutoko mwezi wa Okutobala. Ife tinaika mawotchi a Surf kuti sensa ndi wotchi zikhale za banja limodzi, titayeza pini iliyonse chifukwa malo ake sali ofanana ndi a Hilux, ndipo ndinawonjezera wotchi ina yapadera. Mawotchi omwewo anatithandiza pa waya wa liwiro umene kompyuta imafuna, komanso pa rev counter.

Polumikiza paliponse tinawotcherera ndi mtovu n'kuvekapo heat shrink. Zopota ndi zala n'kukulunga tepi sizipirira maenje a m'misewu yathu. Hanesi tinaipatula kutali ndi tebo ndi ekizozi, ndipo kompyuta tinaimanga m'kabu pamalo okwera, posafika madzi a mvula.

Tisanalize, amalume anati, “Tembenuza kiyi, usalize, timve kaye.” Relay inagunda, nyali ya check engine inayaka, ya mahita inayaka n'kuzima. Titapopa dizilo mpaka mpweya utatha, inagwira. Kenako tinalumikiza mapini a TE1 ndi E1 ndi kawaya m'kabokosi koyezera kaja n'kuwerenga kuphethira kwa nyali. Inatipatsa 42, imene ndi ya liwiro la galimoto, ndipo tinapeza kuti pini ina kuseri kwa mawotchi sinalowe mpaka kumapeto. Titaikankha n'kuchotsa fyuzi kwa kanthawi kuti kompyuta iiwale, nyali inayamba kuphethira mofanana mosalekeza, kutanthauza kuti palibe cholakwika.

Chotsala chinali mapepala. Nambala ya injini yasintha, choncho buku la galimoto liyenera kusinthanso. Sungani lisiti yokhala ndi nambala ya injini yolembedwa bwino, ndipo muiyerekeze ndi imene yadindidwa pa buloko musanachoke kwa wogulitsa. Ine ndinapita ndi galimotoyo ku Southerton kwa apolisi owona za magalimoto obedwa kuti akayendere nambalazo, kenako ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, kukasinthitsa buku, ndipo ndinadziwitsanso a inshuwalansi kuti injini tsopano ndi ya 2982cc.