Musanakoke kagalimoto kumbuyo kwa motorhome

Abale anga a kuno ku UK amene mukufuna kumakoka kagalimoto kumbuyo kwa motorhome (galimoto yaikulu yokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati mwake), chonde yambani ndi mabuleki, za chitsulo chokokera zibwere pambuyo.

Galimoto ikangomangidwa pa A-frame, chitsulo chokokera chooneka ngati chilembo cha A chomwe chimasiya matayala onse ali pansi, lamulo limaiona ngati ngolo. Ikaposa makilogalamu 750, ndipo ngakhale ka Fiat Panda kamaposa, mabuleki ake ayenera kugwira. Apa ndi pomwe pagona nkhani: injini ya kagalimotoko ikazima, servo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya mabuleki, imatha mphamvu, pedulo n'kuuma gwa! N'chifukwa chake ine ndimakonda mabuleki amagetsi okhala ndi pampu yakeyake, osati aja a chingwe chongokoka pedulo. Ndi odula, inde, koma mukamatsika zitunda za ku Wales mvula ili pamsana, ana ali m'katimo, mtima umakhala m'malo.

Onaninso kulemera komwe motorhome yanu imaloledwa kukoka. Ngati kagalimotoko ndi ka automatic, werengani kaye buku lake, chifukwa ambiri giyabokosi imawonongeka akamakokedwa matayala onse ali pansi. Nambala yakumbuyo kwa kagalimotoko ikhale ya motorhome, ndipo pa motorway musapyole mamailosi 60 pa ola.

Opita ku Spain, kwezani galimotoyo pa ngolo yeniyeni, apolisi akumeneko amalipiritsa A-frame.