Mmene ndimapezera kulemera kwa white dwarf kudzera mu ma X-ray

Ndisanatsegule n'komwe XSPEC, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira ma X-ray, ndimayamba ndadziwa mphamvu ya maginito a white dwarf, nyenyezi yaing'ono koma yothinana kwambiri, imene ikukoka mpweya kuchokera ku nyenyezi inzake yoyandikana nayo. Akakhala amphamvu zedi, monga a nyenyezi yotchedwa AM Herculis, mpweya wochokera ku nyenyezi inzake supanga disiki, chimbale cha mpweya chozungulira white dwarf. Maginito amaugwira n'kuutsetsereketsa molunjika pa white dwarf. Akakhala ocheperako, monga a EX Hydrae, disiki imakhalapo koma yodukira mkati.

Mpweyawo umagwa pa liwiro la makilomita masauzande angapo pa sekondi. Ukatsala pang'ono kufika pansi umagunda shock, malo amene liwiro lake limatsika mwadzidzidzi, kutentha kwake n'kufika madigiri mamiliyoni mazanamazana. Aizu anafotokoza masamu ake mu 1973: kutentha kwa pa shock kumatsatira kulemera kwa nyenyezi kugawa ndi kukula kwake. Ndiye popeza white dwarf ikamalemera imachepa msinkhu, monga zilili mu masamu a Nauenberg a 1972, kutenthako kokha kumandipatsa kulemera.

Pansi pa shock mpweya umazizira ukutsika, choncho kutentha kumodzi sikungakwane. Ndimagawa mzati wa mpweyawo m'magawo opyapyala, lililonse ndi kutentha ndi kuthinana kwake, n'kuwerengera kuwala kwake ndi APEC, masamu a pa kompyuta owerengera kuwala kwa mpweya wotentha, kenako n'kuphatikiza. Mphamvu yokoka mkati mwa mzatiwo sindiisiya, monga anachitira Cropper ndi anzake mu 1999. Nyenyezi ikakhala ya mtundu wa AM Herculis ndimawonjezeranso kuzizira kwa cyclotron, kumene kumachitika ma elekitironi akamazungulira m'maginito n'kutulutsa kuwala, chifukwa kumalanda mphamvu zimene zikanatuluka ngati ma X-ray.

Pamene pamafunika kudekha ndi pa deta. Ine ndimakonda ya NuSTAR, telesikopu ya mumlengalenga imene imaona kuyambira 3 mpaka 79 keV (muyeso wa mphamvu ya ma X-ray), chifukwa spectrum, chithunzi chosonyeza kuchuluka kwa ma X-ray pa mphamvu iliyonse, imapindikira pansi kumtunda kwa 20 keV, ndipo kulemera kumabisala pomwepo. Vuto n'lakuti ma X-ray ena amagunda nyenyeziyo n'kubwerera, ndipo amatukumula spectrum pakati pa 20 ndi 30 keV. Ukapanda kuwawerengera, kompyuta imakweza kutentha kuti ikwirire kutukumukako, nyenyezi n'kuoneka yolemera kuposa mmene ilili. Mzere wa kuwala kwa ayironi mu spectrum wa pa 6.4 keV ndiwo umandichenjeza za kubwereraku, pomwe ya pa 6.7 ndi 6.97 keV imachokera mu mpweya wotenthawo. Kumunsi kwa spectrum ndimaika mu masamu anga mpweya wotchinga gawo lina chabe la kuwala.

Chomaliza ndi funso limene sindilola kulidumpha: mpweyawu unayambira pati kugwa? Masamu osavuta amati unachokera kutali kwambiri. Koma pa EX Hydrae, imene imazungulira payokha pa mphindi 67, disiki imafika pafupi, mpweya sutenga liwiro lonse, ndipo shock imazizirako. Ukaiwala zimenezi umapeza kulemera kochepa poyerekeza ndi pafupifupi 0.79 ya kulemera kwa dzuwa kumene kuwala kooneka ndi maso kumasonyeza. N'chifukwa chake ndimayesa malo angapo oyambira kugwako, ndipo ndimalemba kulemera limodzi ndi malo amene ndagwiritsa ntchito.