Tsiku limene ndinakafuna ntchito pa chumuni cha Lister

Munthu wokulira ku Ndirande amadziwa kuti pamene pali chumuni pali ganyu. Umadzuka kusanache, kukaima pageti ku Makata, kapitawo akakuloza ndiye kuti ndiwo zapezeka. Nzeru imeneyi ndinakwera nayo ndege mpaka ku Bradford, ku England, kumene mayi akunyumba anapeza ntchito yosamalira okalamba, ine n'kuwatsatira pambuyo ngati chikwama.

Tinkakhala ku Manningham, m'nyumba zamiyala zogundana khoma ndi khoma, zakuda ndi utsi wakalekale. Ukasuzumira pazenera, chumuni cha Lister Mills chili njo, mamita 76 m'mwamba. Ndinati mumtima: fakitale yaikulu chonchi ingalephere kulemba munthu mmodzi wa MSCE? Zoti utsi sukutuluka ndinaziona, koma ndinaganiza kuti azungu anapeza njira yoti utsi uzituluka osaoneka.

Lolemba 5 koloko m'mawa ndinavala suti ya paukwati, CV m'envelopu, n'kukaima pakhomo. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Ndinasangalala kuti ndinali woyamba pamzere. Kunena zoona, mzere wonse ndinali ine.

Cha m'ma 6 chitseko chinatseguka. Ndinakonza tayi. Kunatuluka mayi wachizungu atavala zogonera, akukoka kagalu. Ndinati awa ndi a shifiti yausiku, ndipo ndinayamikira kampani yolola antchito kubwera ndi ziweto. Nditawafunsa za kapitawo anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kunena kuti ngati ndabwera za Mulungu, iwo ali kale ndi tchalitchi chawo.

Amene anandipulumutsa ndi agogo ena a ndevu zoyera, ochokera ku Mirpur ku Pakistan, akubwerera kumzikiti. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kugwira khoma.

“Mwana wanga, muno mumagona anthu. Ndi mafulati!”

Anandikokera kunyumba kwawo kuti ndikamwe tiyi. Iwowo anagwirapo ntchito m'mafakitale a nsalu, shifiti yausiku imene eni dziko sankaifuna, ndipo mbiri ya chumunicho ankaifotokoza ngati ya m'bale wawo. Samuel Cunliffe Lister anamanganso fakitaleyo itapsa mu 1871, ndipo inakhala yaikulu kuposa ina iliyonse ya silika padziko lapansi. Pachimake inkalemba anthu ngati 11,000. Veleveti wake anakafika pa mwambo woveka ufumu George V mu 1911. Bwanayo atadula malipiro mu 1890, antchito ananyanyala miyezi ingapo, njala n'kuwabweza, koma mkwiyo wawo unathandiza kubala chipani cha Independent Labour Party mu 1893 momwemo mu Bradford. Makinawo anazima m'zaka za m'ma 1990.

Ine ndinkangogwedeza mutu, envelopu ili pamiyendo ngati satifiketi ya maliro.

Agogowo sanatope. Anawerenga amene anabwera kudzatsata nsalu: a ku Ireland, amalonda achiyuda a ku Germany amene sunagoge wawo akadali pa Bowland Street, a ku Poland ndi Ukraine nkhondo yachiwiri itatha, kenako iwowo. “Aliyense kuno anabwera ndi sutikesi kudzafuna chumuni,” anatero. “Koma wobwera ndi tayi ndiwe woyamba.”

Akazi awo anabweretsa chapati ndi nyemba zatsabola, popanda supuni. Apa pokha ndi pamene ndinaonetsa ukatswiri, chifukwa dzanja lozolowera mbamu ya nsima silifuna maphunziro. Tsabolayo ndiye anandiphunzitsa. Misozi inatsika, agogo n'kumandisisita paphewa poganiza kuti ndikulirira ntchito.

Choipa n'chakuti Manningham ndi mudzi, ngakhale anthu ake amapemphera mosiyana. Pofika madzulo nkhani inali itadutsa Oak Lane yonse. Wogulitsa nyama anandipatsa sawatcha. Mnyamata wa m'golosale ya Chipolishi, amene sindinalankhulepo naye, anafunsa ngati fakitale yanga ikulemba anthu. Mpaka lero ndikamadutsa ku Lister Park pali madala amene amakuwa kuti “Manijala!”

Mayi akunyumba atabwera kuntchito anapeza suti ili pampando.

“Bambo a mwana, zayenda bwanji?”

“Akuti ndachedwa pang'ono.”

“Ndinakuuzani kuti muzitchera alamu. Mwachedwa ndi mphindi zingati?”

“Zaka zoposa 20.”