Buku la ku sikelo silikwanira mwana akamapita ku yunivesite kuno

Seputembala akamayandikira, makolo achimalawi kuno ku UK timatanganidwa ndi mabulangete, mapoto ndi kathumba ka ufa koti mwana akaphikeko nsima akatopa ndi buledi. Ine poti ndine namwino, ndimakonda kufunsa ngati mwanayo anabayitsa katemera wa matenda oumitsa khosi. Yankho lake ndi limodzimodzi: "Aa mayi, ameneyu katemera yense anamaliza ku sikelo, buku lake ndinabwera nalo."

Bukulo silinama. Kwathu ana amalandira katemera wa Hib ndi wa pneumococcus, ndipo amatetezadi ku mitundu ina ya matendawa. Koma kachirombo kamene kamavuta m'mayunivesite ndi kena, dzina lake meningococcus, ndipo katemera wake sali pa ndandanda ya ku sikelo kwathu.

Kachiromboka kamakhala kukhosi ndi m'mphuno mwa anthu abwinobwino, pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 aliwonse, popanda kuwadwalitsa. Kamayenda ndi malovu: kutsokomolerana, kupsompsonana, kupatsirana botolo kapena ndudu. Ndiye taganizani, achinyamata ochokera kumpoto, kummwera ndi kumayiko akutali athithikana m'hositelo imodzi, khitchini imodzi, usiku onse ali kudansi. Ku yunivesite ya Nottingham kuno ku UK mu 1997 madokotala anayeza ophunzira atsopano m'sabata yawo yoyamba. Tsiku loyamba, amene anali nako anali pafupifupi 7 pa 100 aliwonse. Pofika tsiku lachinayi anali 23.

Azungu kuno anaphunzira ndi maliro. Matendawa anapha ophunzira ku Cardiff mu 1996 komanso ku Southampton mu 1997, ndipo mu 1999 boma linayamba kubaya katemera woteteza ku mtundu umodzi wa kachiromboka, wotchedwa C. Mtundu wa W utayamba kuchuluka, mu 2015 anabweretsa katemera wa MenACWY, woteteza ku mitundu ya A, C, W ndi Y. Ameneyu ndi waulere kwa wophunzira wosakwana zaka 25 amene akulowa yunivesite koyamba, ngakhale watsika ndege dzulo kuchokera ku Lilongwe. Amene anakulira kuno ambiri anabayidwa ali ku sekondale. Amene amandidetsa nkhawa ndi obwera atakulakula, chifukwa palibe amene amawalondola. Mwana akangofika alembetse kwa GP, dokotala wa m'dera lomwe akukhala, akapemphe yekha katemerayo.

Komabe MenACWY sateteza ku mtundu wa B. Ku yunivesite ya Princeton ku America, mu 2013, ophunzira anayamba kugwa mmodzimmodzi ndi mtundu umenewu, pomwe dzikolo linali lisanavomereze katemera wake. Akuluakulu azaumoyo anachita kulola mwapadera kuti katemera wa mtundu wa B wotchedwa Bexsero aitanitsidwe kunja, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ophunzira masauzande anaima pamzere kukabayitsa. Kuno Bexsero anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2015, choncho ana athu obadwa chakacho chisanafike sanalandire ali aang'ono. Nkhani imeneyi mukaifunse kwa dokotala kapena ku famase.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chizolowezi chathu. Kutentha thupi, mutu, kusanza, kuphwanya m'thupi: Mmalawi amati ndi kamalungo chabe, amameza panado n'kufunda. Anzake m'hositelo amati ndi matsire a dzulo, musiyeni agone. Pomwe matendawa amatha kupha munthu tsiku lisanathe, ndipo ena opulumuka amatsala osamva, kapena atadulidwa zala ngakhale miyendo. Musadikire kuti khosi liume. Manja ndi mapazi kuzizira thupi likutentha, kudana ndi kuwala, kusokonezeka mutu, kuvuta kudzutsa, zimenezo n'zokwanira kuimba 999, nambala yoitanira ambulansi kuno.

Timapepala ta kuchipatala timanena za timadontho tofiira tomwe sitizimirira ukakanikiza tambula yagalasi pakhungu. N'zoona, koma zithunzi zake zambiri n'za khungu loyera. Pakhungu lathu timadonthoto timabisala. Muyang'ane m'zikhatho, kuphazi, m'kati mwa chikope ndi m'kamwa kumwambaku. Ndipo nthawi zina sitituluka n'komwe mpaka zinthu zitafika poipa.

Mwana wanga wamkazi ndinamuuza kuti mnzake wa chipinda choyandikana akhale ndi nambala yanga, ndipo wina akagona akudwala azimugogodera pakapita maola angapo. Anandiseka, amvekere amayi inu mumaona matenda paliponse. Ndinamuuzanso kuti wina m'nyumba mwawo akapezeka ndi matendawa, azaumoyo amapereka mankhwala, kawirikawiri ciprofloxacin womwa kamodzi kokha, kwa onse okhala naye pafupi, ndipo iye akamwe ngakhale akudzimva bwinobwino.