Chibayo sichibwera ndi mwera

Sabata yatha ndagona pa benchi kuchipatala masiku atatu ndi achemwali anga, kudikirira mwana wawo, kamnyamata ka miyezi 9 kamene kanadwala chibayo. Pano tabwerako ali bho, akuyamwa mpaka kuluma amake, koma pali kanthu kena kakundiwawabe mumtima ndiye ndati ndingolemba.

Zinayamba ngati chimfine basi. Mukudziwa mmene mwera umaombera kuno mu June, mmamawa olo asodzi amazengereza kulowa pamadzi, ndiye mwana atayamba kutsokomola ndi kutentha thupi anganga anaweruza pompo kuti ndi mphepo imeneyi, inu mumamusambitsa dzuwa lisanatuluke. Tinamuveka majuzi awiri, chipewa, kumupatsa panado, kumugoneka kukhitchini pafupi ndi moto kuti afundidwe (utsi onse uja akupuma, nazo ndazidziwa mochedwa kuti timangoonjezera vuto). Usiku wachitatu anakana bere. Achemwali atamuvula juzi ndinaona ndi tochi ya foni kuti akamakoka mpweya pansi pa nthiti pakulowa mkati ngati wina akukanikiza ndi chala, timphuno tikutukuka, kulira kwake kongobuula.

Kutacha tinathamangira kwa alangizi a zaumoyo a mmudzi mwathu. Anatulutsa kawotchi kawo nkuwerenga mpweya mphindi imodzi yathunthu, anapeza 58. Akuti mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50 ndiye kuti akupuma mothamanga, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40, wakhanda osakwana miyezi 2 ndi 60. Poti wathuyu amakananso kuyamwa sanatipatse mankhwala oti tikamwere kunyumba, anangolemba kalata, ife kabaza wa njinga yamoto ulendo.

Kuchipatala anamuika timapaipi ta oksijeni mmphuno ndi kanula padzanja yobayirapo mankhwala. Kenako anesi anapempha buku la mwana, nkutsegula tsamba la katemera, nkukhala chete kaye. Pa mzere wa PCV, katemera woteteza ku chibayo, bokosi loyamba lolembedwa, lachiwiri lolembedwa, lachitatu mbee. "Mayi, wachitatu uja munakabayitsa kuti?" Achemwali maso pansi. Nkhani yake ndi yoti nthawi imeneyo anatsatira alamu ku dooko kukayanika usipa ndipo anakhalako miyezi itatu, komanso atabayidwa wachiwiri mwana analira usiku onse thupi litatentha ndiye mtima wobwererako unalibe changu. Sindikuwanyoza ayi, usipa ukamagwa palibe amene amaganiza za sikelo, ndalama ya chaka chonse imapezeka masiku omwewo.

Anesi aja anali ndi mtima wabwino, anatifotokozera bwinobwino. Chibayo choopsa kwambiri kwa ana chimayamba ndi bakiteriya otchedwa Streptococcus pneumoniae, ena amangoti pneumococcus. Tizilomboti timakhala kuseri kwa mphuno ndi kukhosi kwa ana ambiri osawadwalitsa, timayenda pokhosomola ndi poyetsemula, koma chimfine kapena chikuku kapena kunyentchera zikafooketsa thupi timatsikira mmapapo, timatumba ta mpweya tija nkudzaza madzi ndi mafinya, ndiye mwana amapuma mothamanga kufuna kukwaniritsa mpweya umene ukuperewera. Nyengo yozizira chimachuluka zoona, koma chifukwa anthu timaunjikana mnyumba zotseka mazenera ndi chimfine chili ponseponse. Juzi singaphe bakiteriya.

Katemera wa PCV13 anayamba kuno ku Malawi mu November 2011, amateteza ku mitundu 13 ya pneumococcus ndipo amabayidwa katatu, pa masabata 6, 10 ndi 14, tsiku limodzi ndi penta, katemera wa matenda asanu uja amene anabwera mu 2002, yemwe mkati mwake mulinso chitetezo ku Hib, bakiteriya wina woyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Nchifukwa chake mwana amachokako ku sikelo atabayidwa ntchafu zonse ziwiri, kuphatikiza madontho a poliyo ndi rota (woteteza kutsegula mmimba) mkamwa. Zonsezi ndi zaulere.

Ndinafunsa mwachindunji kuti kodi akanabayitsa wachitatu sakanadwala? Anati sangalumbire, mitundu ya pneumococcus ndi yoposa 90 ndipo chibayo china chimayamba ndi mavairasi amene katemerayu sawakhudza, koma mwana amene wamaliza onse atatu mwayi woti afike pa oksijeni umachepa kwambiri. Yankho limeneli linandikhutiritsa kuposa akananena kuti katemera ndi mpanda osaboola.

Chimene sitimadziwa tonse, ndipo ndi chimene chikundiwawa, nchoti ukaphonya tsiku suyambiranso pachiyambi ndipo sikuti mpaka ubwerere ku sikelo ya kwanu, ukhoza kupita ndi buku pa chipatala chilichonse, kaya ku Monkey Bay kaya ku Makanjira, nkupitiriza pomwe unalekezera. Achemwali ankaganiza kuti sitima inapita ndipo akakawakalipira.

Atipatsa tsiku loti tikamalize PCV ndi penta wotsala uja pamodzi ndi wachikuku wa miyezi 9, ndalilemba pa kalendala ndi mu foni yanga, ndipo alamu ndawauza kuti ya kabaza atulutsa ndi iwo. Anganga mpaka pano akuti unali mwera, tangowasiya, bola avomera kuti mwana asamagonenso kukhitchini.